Sukulu Inandibweza Kwathu Ine Ndili Pakhomo

Sukulu imene amaphunzira mwana wanga inandifufuta m'kaundula wa makolo ndi bolopeni yofiira. Ndili moyo. Ndili pakhomo panga. Kwa materemu awiri athunthu sindinalandire lipoti, uthenga, ngakhale kakalata kopinda koika m'kope. Lero akundiuza kuti mwanayo ali pa mndandanda wa ana obwereza kalasi, ndipo chifukwa chake, malinga ndi iwowo, n'chakuti makolo ake alibe chidwi.

Amene mumandidziwa pa tsamba lino mukudziwa kuti sindilembalemba. Ndimaika vesi Lamulungu, nthawi zina chithunzi cha fodya akakhala kuti wachita bwino, basi. Nkhaniyi ndaisunga sabata yathunthu kuti ndisalembe mtima uli m'mwamba. Mtima watsika, koma nkhani ikadali yomweyo. Dzina la sukulu sinditchula. Ili kuzambwe kwa boma, njira ya ku Chulu. Eni ake adzizindikira okha.

Mkazi wanga, Nabanda, anatisiya mu Ogasiti chaka chatha. Ine kwathu ndi ku Dowa, kuno ndinabwera chikamwini zaka 19 zapitazo. Maliro atatha akuchikazi anakhala pansi nandiuza kuti, "Alamu, musapite. Khalani mulere ana anu, mundawu muzilima." Ndinakhala. Mwana wathu womaliza, Tiyamike, ali Sitandade 7, wa zaka 13. Chaka chatha anakhala nambala 8 m'kalasi mwawo.

Za sukulu ankayendetsa ndi malemu, zimenezo sindibisa. Koma mu Seputembala ndinapita ndekha kusukuluko, ndinapereka nambala yanga ya foni, aphunzitsi a kalasi, a Mwale, analemba ine ndikuona. Mu Disembala nditafunsa lipoti, Tiyamike anati malipoti akupatsa makolo okha, ndipo tsiku lokatenga alengeza pa gulupu ya makolo pa foni. Ndinadikira. Foni inali zii. Ndinati mwina mapepala avuta, aphunzitsi athuwa amagwira ntchito movutikira. Kenako mvula inagwa, fodya anandimeza. Mu Epulo chimodzimodzi. Pamenepa ndinalakwa, ndikuvomera pamaso pa Mulungu ndi anthu. Ndinayenera kukwera njinga kalekale. Kuleza mtima kwanga kunasanduka ulesi ine osazindikira.

Lamulungu la sabata yatha, tikutuluka m'tchalitchi, Mayi Nachisale, amene mwana wawo ali kalasi imodzi ndi Tiyamike, anandiimitsa pa mtengo wa mango.

"Bambo a Tiyamike, bwanji simunaoneke ku msonkhano wa makolo Lachisanu?"

"Msonkhano uti, mayi?"

"Iii! Simuli pa gulupu? Dzina la mwana wanu analitchula pa ana amene abwereze ngati sasintha teremu ino. Anaitana kholo lake katatu. Anthu anangoyang'anana."

Anandionetsa foni yawo. Mauthenga mbwee, kuyambira Okutobala. Tsiku la malipoti. Msonkhano. Mayeso a pakati pa teremu. Ndipo panali uthenga wina wa kumayambiriro kwa teremu ino. Unati popeza ino ndi nyengo ya masika, ana azithandiza kukolola chimanga ndi kukumba mtedza m'munda wa sukulu kuyambira 1 koloko mpaka 3 koloko, kuti phala lisadzasowe. Koma ana ofooka pa masamu ndi Chingerezi, makolo awo akapempha, nthawi yomweyo azikhala m'kalasi ya masana yothandizira. Kholo lililonse liyankhe.

Masabata atatu mwana wanga ankafika pakhomo cha m'ma 4 koloko, zikhadabo zili bii ndi dothi. Ankati kusukulu kuli ntchito ya kumunda. Ine ndinkati ndi zabwino, mwana wa mlimi asaope khasu. Sindinadziwe kuti nthawi imeneyo anzake akuphunzira masamu.

Lolemba ndinasiya fodya ndili pakati pomusankha m'chigafa, ndinapalasa makilomita 6, ndinafika pasukulu 7:10 m'mawa. Anati ahedi ali pa asembule, ndikhale pa benchi. Asembule inatha 7:40. Anati tsopano ali pa msonkhano wa aphunzitsi. Ndinakhalabe pa benchi. Mbuzi za m'mudzi zinalowa pabwalo, zinadya maluwa, zinatuluka, ine ndili pompo. Nthawi ili 9:25 achiwiri kwa ahedi anandiitana. Ahediwo akuti anali atatulukira khomo lakuseri kupita kuboma.

Ndinapereka moni, ndinafotokoza. Anatulutsa kaundula wa Sitandade 7, nayamba kutsetsereka ndi chala.

"Inuyo ndinu ndani kwa mwanayu?"

"Bambo ake."

"Bambo ake omubereka?"

Ndinati inde, sindikudziwa kuti alipo a mtundu wina.

Anatembenuzira bukulo kwa ine. Dzina langa linalipo, nambala yanga inalipo, koma zonse zitadulidwa ndi mzere wofiira. Pambali pake analemba mawu awiri: "Anabwerera kwawo." M'munsi mwake munali dzina la alamu anga, a Filipo, mchimwene wa malemu, amene ali ndi okala ku Mtunthama ndipo kuno amabwera pakagwa maliro kapena ukwati.

Ndinafunsa kuti anakuuzani ndani kuti ndinabwerera kwathu. Anati iwo sakudziwa, aitane aphunzitsi a kalasi. A Mwale analowa choko chili m'manja. Atandiona anamwetulira ngati takumana pamsika.

"Aa, achikulire! Mwabwera liti?"

"Zaka 19 zapitazo, aphunzitsi."

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinawalozera mzere wofiira uja. Anakanda m'mutu n'kunena kuti iwo anangotsata mwambo. Akuti mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kupita kwawo, ana amatsala ndi mwini mbumba. Akuti anaona kuti si bwino kumavutitsa munthu wa ku Dowa ndi mauthenga a kuno, ndiye anapeza nambala ya malume ake kwa munthu wina pamsika, n'kukonza bukulo. Kukonza! Ndiwo mawu amene anagwiritsa ntchito.

Abale anga, a Mwale amenewa timapemphera tchalitchi chimodzi. Amaimba besi m'kwaya. Lamulungu lililonse amakhala mabenchi atatu kutsogolo kwanga. Pa Khirisimasi tinaimbira buku la nyimbo limodzi chifukwa lawo anaiwala. Ndinawakumbutsa zimenezi mwaulemu. Yankho lawo nali:

"Ndinkayesa mumangobwera kudzapemphera."

Kuchokera ku Dowa? Pa njinga yanga ya kapalasa ija, yopanda mabuleki akumbuyo? Lamulungu lililonse, m'matope a Febuluwale, kudumpha matchalitchi onse a m'njira kuti ndidzamve besi yawo? Ndimakonda Mulungu, koma miyendo yanga ili ndi zaka 54.

Ndinafunsa kuti nanga mwanayo, amene amakhala pamaso panu tsiku lililonse, munamufunsapo kuti ukukhala ndi ndani? Anati nkhani za maliro n'zovuta kufunsa mwana, sanafune kumukumbutsa chisoni. Chifundo chake n'chimenecho. Kumufunsa funso limodzi kunali nkhanza, koma kumufufutira bambo ake kunali chifundo.

Ndinati chabwino, zachitika. Nanga n'chifukwa chiyani mwana wofooka masamu munamutumiza ku mtedza? Achiwiri kwa ahedi anayankha msangamsanga kuti kholo linavomera. Anatulutsa foni, anapeza uthenga wa masika uja, n'kundionetsa. M'munsi mwake munali kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba, kochokera ku nambala ya a Filipo.

"Mwaona? Malume ake anaika chala. Sanapemphe kalasi ya masana. Ife tinamva kuti asankha munda."

Ndinaimbira alamu anga pomwepo, foni ndinaikweza kuti onse amve.

"Alamu, kuli bwanji ku Mtunthama? Kodi muli pa gulupu ya makolo ya sukulu ya Tiyamike?"

"Gulupu iti? Oo, ija imangolira usana wonse ija? Alamu, ine ndinangoona andilowetsamo. Ndinkayesa ndi za mpira wa ana."

"Koma akuti munaika chala pa uthenga wina."

"Alamu, ine ndimaika chala pa chilichonse. Ngakhale uthenga wa maliro ndimaika chala kuti adziwe kuti ndaona. Kodi chalakwika n'chiyani?"

A Mwale ankayang'ana choko chawo ngati achiona koyamba.

Alamu anga sindikuwada. Palibe anawauza kuti asandutsidwa bambo. Koma taganizani: tsogolo la mwana wa Sitandade 7 linagamulidwa ndi chala cha munthu amene panthawiyo mwina ankayeza shuga pa sikelo.

Ndinapempha malipoti awiri aja. Anati ali m'kabati, kiyi ali ndi ahedi. Anawonjezera kuti ngakhale kiyi akanakhalapo, lipoti amapereka kwa kholo limene lili m'kaundula. Ndinati ndiye ndibwezereni m'kaundulamo, bolopeni ndi iyo ili patebulo. Anati kusintha kaundula si nkhani yamasewera, pamafunika chilolezo cha ahedi. Pondifufuta sipanafunike chilolezo cha munthu. Panangofunika mphekesera ya pamsika ndi inki yofiira. Koma pondibwezera, malamulo onse a dziko anadzuka.

Anati ndibwere Lachitatu. Ndinatuluka 10:50.

Madzulo a tsiku limenelo ndinali m'chigafa Tiyamike atafika. Anagwada n'kupereka moni. Ndinamuuza kuti akhale pa mpando. Ndinamufunsa kuti mwana wanga, bwanji sunandiuze kuti kuli kalasi ya masana?

"Aphunzitsi anawerenga mayina, anati awa kwawo avomera kuti azipita kumunda. Ine ndinali pomwepo."

"Ndiye sunandifunse?"

Anayamba kukanda dothi m'chikhadabo.

"Ndinkayesa ndi inu munanena, ababa. Ndinkayesa mwaona kuti sukulu yandikanika, ndiye bola ndizolowere khasu."

Sindilemba zambiri pamenepa. Ndingoti masabata atatu mwana wamasiye ankakumba mtedza akukhulupirira kuti bambo ake amutaya. Ankabwera kunyumba, kundiphikira, kundipatsa madzi osamba, osanena kanthu. Amene anajambula mzere wofiira uja aganizirepo zimenezi akamaimba besi.

Lachitatu ndinafika 7:30. Ahedi analipo, koma anali ndi alendo odzaona zimbudzi zatsopano. Ndinawapeza 11:15. Ndi bambo aulemu, mawu awo ndi ofewa ngati a mlaliki. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani bambo, pepani kwambiri. Koma musakwiye, inu ndinu munthu wopemphera."

Mawu amenewa ndawamva kambiri moyo wanga. Tanthauzo lake n'lakuti uyu tikhoza kumuponda, sakuwa. Ndinawauza kuti sindinakwiye, ndabwera kudzatenga malipoti.

Kabati inatsegulidwa. Malipoti anali pansi pa mpira wophulika ndi mabuku odyedwa ndi chiswe. Anandipatsa, akuti mwachisomo chabe, popeza m'kaundula mulibe dzina langa.

Teremu yoyamba: masamu 44, Chingerezi 51, nambala 29. Ndemanga ya aphunzitsi: "Watsika kwambiri. Kholo libwere tidzakambirane." Teremu yachiwiri: masamu 27, Chingerezi 38, nambala 61. Ndemanga: "Makolo sakuonetsa chidwi."

Ndinawerenga kawiri. Uthenga woitana kholo anautsekera m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba, ndiyeno n'kudabwa kuti kholo silinabwere. Mwana watsika kuchoka pa nambala 8 kufika pa 61 chaka chimene wataya mayi ake, ndipo pasukulu yonse palibe amene anati tiyeni titume munthu akaone kwawo. Makilomita 6. Mpira ukasowa amatuma ana kukafunsa mudzi wonse.

Ndinapempha zinthu ziwiri zokha: dzina langa libwerere, ndipo mwana alowe kalasi ya masana. Pa dzina, ahedi anati ndibweretse kalata yochokera kwa malume ake yotsimikiza kuti ndikukhaladi pamudzipo ndipo mwanayo ali m'manja mwanga.

"Bwana, kalata yotsimikiza kuti ndilipo? Si ine ndaima pano?"

"Tikuonani, bambo, koma m'failo muyenera kukhala pepala."

Ndinafunsa ngati m'failomo muli pepala lotsimikiza kuti ndinachoka. Anayang'ana pawindo.

Pa kalasi ya masana anati malo anatha. Akuti chipindacho chili ndi madesiki a ana 40 ndipo onse ali ndi eni ake, makolo amene anayankha pa nthawi yake. Akuti kuwonjezera mmodzi kungakhale kukondera. Anawonjezeranso kuti kumunda kukufunika manja, mtedza ukachedwa kukumbidwa umera m'nthaka, ndipo Tiyamike ndi mmodzi mwa ana olimbikira kwambiri kumeneko. Ananena zimenezi ngati akundipatsa mphoto. Ndithokoze kodi? Ndinatumiza mwana kusukulu kuti akhale katswiri wokumba mtedza? Mtedza tili nawo kwathu, bwana. Chimene tilibe kwathu ndi munthu wodziwa masamu a Sitandade 7.

Ndisanamizire: munda wa sukulu sindikudana nawo. Phala limene amamwa anawa limachokera mmenemo, ndipo ena mwa iwo ndicho chakudya chawo choyamba pa tsiku. Chimene ndikukana n'chakuti mwana amene akumira atumidwe kumunda chifukwa cha chala cha munthu wosadziwa n'komwe kuti akufunsidwa chiyani.

Lachinayi ndinakwera minibasi kupita ku Mtunthama, tsiku lina lathunthu fodya ali chigonere. A Filipo analemba kalata pa pepala la m'kope, ataliika pamwamba pa thumba la mchere. Analemba kuti: "Alamu angawa alipo, sanapite kulikonse, ndipo mwana ndi wawo." Anasaina akupukusa mutu. "Alamu, kodi ndilembenso kuti mumapuma mpweya?"

Lachisanu 8:05 ndinapereka kalatayo. Achiwiri kwa ahedi anaiwerenga mofatsa ngati chikalata cha munda. Kenako analemba dzina langa m'kaundula. Ndi pensulo. Akuti bolopeni idikire komiti ya sukulu ikadzakumana mwezi wamawa. Pofufuta inki, pobwezera pensulo. Pa gulupu anandilowetsa madzulo ake, ndipo uthenga woyamba umene ndinalandira monga kholo lovomerezeka unali wakuti ana a kumunda abwere ndi matumba Lolemba.

Tsopano ndili ndi mafunso, ndipo ndikuwafunsa poyera chifukwa muofesi ndinawafunsa motsitsa mawu ndipo anagwera pansi.

Ndani anapatsa mphunzitsi mphamvu yosudzula munthu? Akuchikazi, eni mwambo, anandiuza kuti ndikhale. Sukulu inakhala pansi liti, ndi ankhoswe ati, n'kugamula zina? Ndipo m'kaundula mmenemo muli mizere ingati yofiira ngati wangawu? Muli abambo angati amene anabwezedwa kwawo ali m'munda mwawo? Nanga makolo amene foni zawo n'zongoimbira, zopanda gulupu, amamva bwanji za ana awo? Kale mwana ankabwera ndi kakalata m'thumba la yunifolomu. Kanali kakuda, kopindikapindika, nthawi zina konyowa ndi mvula, koma kankafika.

Kwa inu makolo anzanga, makamaka amene mwaferedwa, amene mukulera ana a abale anu, ndi amene banja linatha: musachite ngati ine. Musakhale pakhomo n'kumati kukhala chete kwa sukulu ndiye kuti zonse zili bwino. Pitani sabata ino. Musafunse kuti mwana akukhoza bwanji, adzakuuzani kuti akuyesetsa. Nenani kuti ndionetseni kaundula, ndione dzina ndi nambala imene munalemba. Onani ndi maso anu. Ndipo mwana wanu mumufunse kuti 1 koloko ikakwana amakhala kuti.

Kwa ahedi, popeza ndamva kuti tsamba lino mumawerenga: kwatsala masabata asanu ndi anayi kuti ana alembe mayeso omaliza. Mwina Tiyamike akhoza, mwina abwereza. Akabwereza ataphunzitsidwa, ndidzavomera ndipo sindidzadandaula kwa munthu. Koma sabwereza chifukwa cha desiki.

Lolemba 12:45 ndidzakhala pakhomo la kalasi ya masana. Pa kaliyala ya njinga ndidzamangirira mpando wa m'nyumba mwanga ndi khasu langa. Mpandowo ndidzaulowetsa ndekha, ndidzauika kutsogolo pafupi ndi bolodi, ndipo mwana wanga adzakhalapo. Khasulo ndi langa ine. Mwati kumunda kukufunika manja, ndiye mzere wa Tiyamike ndizikumba ndine, 1 koloko mpaka 3 koloko, tsiku lililonse mpaka mtedza wanu uthe. Amene akuona kuti kumeneko n'kukondera adzandipeze m'mundamo, adzandiuze pamaso. Sindivuta kupeza. Ndilipo.